MLIMI NDI ZIWETO: Bwalo la Nkhuku Limene Munthu Alowamo Ciriri

Zokolola zalowa m'nkhokwe, udzu wauma m'madambo, ndipo m'midzi yambiri ya cigawo ca Kum'mawa utsi wa mauvuni a njerwa wayamba kuoneka. Iyi ndi nyengo imene mlimi akhala ndi kanthawi kopuma ndiponso kandalama ka nshawa, thonje kapena mpendadzuwa. Ndiyonso nyengo yoyenera kuganizira za ciweto cimene cipezeka pa khomo liri lonse, koma cimene cisamalidwa pang'ono kupambana ziweto zonse. Ciweto cimeneci ndi nkhuku.

Mlendo akafika, nkhuku ndiyo ifa. Mwana akadwala ndipo pafunika ndalama ya ulendo wa ku cipatala, nkhuku ndiyo igulitsidwa. Makope a ana a sukulu, sopo, mcere ndi cipepeso ca mlandu wa kwa anyakwawa, zonsezi kawirikawiri zicokera m'khola la nkhuku. Mu caka ca 2024, pamene cilala cinapsereza cimanga ndipo Boma linalengeza m'mwezi wa Febuluwale kuti dziko liri pa tsoka, mabanja ambiri a m'midzi anagula ufa ndi ndalama za nkhuku ndi mbuzi. Ng'ombe sigulitsidwa popanda kukambirana ndi abale, koma nkhuku iri m'manja mwa mayi wa pa nyumba, ndipo ithandiza tsiku lomwelo.

Ngakhale ziri tero, cuma cimeneci citayika mwakacetecete. Thadzi liikira mazira khumi ndi awiri, liwafungatira masiku 21, niliswa anapiye khumi. Sabata loyamba kabawi atenga awiri. Khwangwala atenga wina. Ena afa ndi mame a m'mawa potsata mai wao m'udzu, ena agwidwa ndi likongwe kuseri kwa nkhokwe. Pofika miyezi iwiri, atsala atatu okha, ndipo eni ake angoti ndi mmene zikhalira. Dzinja likafika, nkhuku zomwezo zifukula mbewu m'munda wa mnansi ndi kujompha matimati m'dimba, ndipo ubale wa zaka zambiri uthera pa bwalo la milandu.

Mankhwala a zambiri mwa zovutazi ndi bwalo lochingidwa m'mbali monse ndi pamwamba pomwe, lolumikizana ndi khola logonamo, lalitali kotero kuti munthu wamkulu alowamo ataimirira.

CIFUKWA CAKE LIKHALE LALITALI

Ena afunsa kuti, nkhuku ndi kanyama kakafupi, nanga kuonongeranji waya ndi mitengo pomanga cinthu cotalika ngati nyumba ya munthu? Yankho liri pa citupa cacifupi cimene cipezeka m'midzi yambiri. Mayi wofuna kusesamo ayenera kukwawa ndi maondo, kapena kutuma kamwana. Nchito yowawa msana munthu aizengereza, motero zitosi ziunjikana, utitiri uswana, ndipo njoka ikhoza kukhala pa ngondya masiku angapo osaoneka. Koma malo amene munthu alowamo ciriri ndi tsace m'manja aseseka tsiku ndi tsiku. Mwini wake aona msanga nkhuku imene yazyolika, atola mazira asanasweke, ndipo pa tsiku la katemera agwira nkhuku zonse popanda kuthamangitsana nazo m'mudzi monse. Utali wa bwalo suthandiza nkhuku yokha ai. Uthandiza amene aisamala.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Asanakumbe dzenje ngakhale limodzi, mlimi ayambe wakhala pansi ndi banja lake ndi kuwerengera cakudya. Nkhuku yoyenda yokha idzifunira ziwala, ciswe, njere za udzu ndi nyenyeswa za pa mtondo. Ikatsekeredwa, zonse iyembekeza kwa mwini wake. Thadzi loikira lidya pafupifupi magalamu 100 kufikira 120 pa tsiku. Mathadzi khumi ndi tambala mmodzi afuna cakudya coposa kilogalamu imodzi tsiku liri lonse, ndi madzi okwana malita atatu, kapena asanu m'kutentha kwa Okutobala. Munthu womanga bwalo lokongola koma wosakonzekera zimenezi adzaona nkhuku zake zikuonda, zikuleka kuikira ndi kuyamba kuzulana nthenga.

Gaga yekha sakwana. Afunika kusakaniza ndi zakudya zomanga thupi, monga zotsala pofinya mafuta a mpendadzuwa, fumbi la kapenta, ciswe, kapena soya. Soya ayenera kukazingidwa kapena kuphikidwa poyamba, pakuti wamuwisi alepheretsa cakudya kugayika bwino m'mimba mwa nkhuku. Masamba a bonongwe, a lepu ndi a maungu amangidwe m'kamtolo ndi kupacikidwa kuti nkhuku zizijompha. Zigoba za mazira zoocha ndi kusinja zilimbitsa mazira atsopano, ndipo timiyala ndi mcenga zithandiza nthutumba kupera cakudya. Cimanga kapena nshawa za cuku siziyenera kupatsidwa kwa nkhuku, cifukwa cukuco ciri ndi ululu umene udwalitsa ziweto ndi anthu omwe.

Kwa mabanja ambiri njira yapakati ndiyo yabwino. M'cilimwe, pamene minda iribe mbewu, nkhuku zazikulu zitsekulidwe masana kuti zikadzifunire zina, koma mathadzi a anapiye atsale m'kati kufikira anapiyewo atakwanitsa masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. M'nyengo yobzala, ndiponso pamene kwamveka matenda m'mudzi, zonse zikhale m'kati.

KUSANKHA MALO

Malo abwino ndi okwera pang'ono, pamene madzi a mvula sakhazikika. Bwalo la matope libala matenda a m'mimba ndi njoka za m'matumbo. Likhale pafupi ndi nyumba, kuti phokoso la usiku limveke ndipo wakuba aope, koma kumbali imene mphepo ipita, kuti fungo ndi nchenche zisalowe m'khichini. Litalikirane ndi citsime mamita 30 kapena kuposa.

Mlimi akumbukire nyengo ziwiri. M'miyezi ya Juni ndi Julaye mphepo yozizira iomba kucokera kum'mwera ca kum'mawa, ndipo ipha anapiye. Mbali imeneyo iyenera kuchingidwa ndi cipupa ca khola kapena mpanda wa udzu. M'mwezi wa Okutobala mdani ndi dzuwa. Nkhuku situluka thukuta. Ikatenthedwa ingoyasama ndi kutambasula mapiko, ndipo ikasowa mthunzi ikhoza kufa masana amodzi. Mtengo wa mango kapena wina wa mthunzi kumadzulo kwa bwalo ndi dalitso, malinga nthambi zake zisagone pa denga ndi kukhala mlatho wa vumbwe.

MIYESO

Nkhuku iri yonse ifuna malo osacepera mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pa bwalo. Motero mathadzi khumi ndi tambala mmodzi akwana m'bwalo la mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Khola logonamo limangidwe ku mapeto amodzi, mamita 3 m'litali ndi mita imodzi ndi masentimita 20 m'lifupi, kuti cipupa cake cikhale mbali imodzi ya bwalo. Potero waya ufunika mbali zitatu zokha. Wofuna kudzaonjezera nkhuku m'tsogolo asiye malo kumbali imodzi osabzalapo mtengo kapena kumangapo nkhokwe.

Amisiri ali ndi njira yapafupi yoongolera ngondya. Akhoma zikhomo zinayi ndi kuzunguliza cingwe. Ngati mbali imodzi iri mamita 3 ndipo inzake iri mamita 4, cingwe copingasa kucokera pa ngondya imodzi kufika pa ngondya yoyang'anana nayo ciyenera kukwana mamita 5 ndendende. Zingwe zopingasa zonse ziwiri zikafanana, bwalo laongoka. Bwalo lokhota livuta pokoka waya, ndipo citseko cake sicitsekeka bwino.

MITENGO NDI WAYA

Pafunika nsanamira zisanu ndi ziwiri za mamita awiri ndi theka: zitatu ku mbali yaitali iri yonse, motalikirana mamita awiri, ndi imodzi ya citseko, yoimikidwa masentimita 90 kucokera pa nsanamira ya pa ngondya ya kutsogolo. Iri yonse ilowe pansi theka la mita, kuti pamwamba patsale mamita awiri. Pakati pa bwalo paime mzati wotalikirapo ndi masentimita 30, umene udzanyamula mapaso ocokera ku nsanamira za m'mbali, monga zikhalira pa denga la nyumba yozungulira.

Mdani wa nsanamira ndi ciswe. Mitengo ya muwanga ndi tsanya idziwika kuti ilimba m'nthaka zaka zambiri, koma mitengo ya m'thengo yacepa, ndipo Lamulo la Nkhalango la 2015 liri ndi malangizo a kadulidwe kake. Wofuna kudula ayambe wafunsa kwa anyakwawa ndi kwa anchito a za nkhalango a m'boma lake. Mitengo ya bulugamu yothiridwa mankhwala igulitsidwa m'matauni. Yosathiridwa mankhwala isendedwe makungwa, iume, ndipo mbali yolowa pansi iwaulidwe pa moto kufikira itada. Pokwirira, dothi lisinjidwe pang'ono pang'ono ndi mtengo, pamodzi ndi miyala ing'onoing'ono. Alimi amene anabzala gliricidia, mtengo umene unayesedwa zaka zambiri pa malo ofufuzira za ulimi a Msekera pafupi ndi Chipata, ali ndi mwai wina: nthambi yake yaikulu ikazikidwa kuciyambi kwa mvula iphuka, nikhala nsanamira yamoyo yopatsa mthunzi.

Waya wa nkhuku ugulitsidwa m'mipukutu, kawirikawiri ya mamita 30, ndipo usiyana msinkhu ndi kukula kwa maso ake. Wa maso akulu a mamilimita 50 ndi wochipa, koma anapiye atulukirapo ndipo likongwe alowerapo. Wa mamilimita 25 ndi wabwinopo, ndipo wa mamilimita 13 ndiwo uyenera kumunsi kumene kuyenda anapiye. Mpukutu umodzi wa msinkhu wa mita imodzi ndi masentimita 80 ukwanira bwalo lonse lachulidwali. Mbali zitatu zidya mamita 11. Denga lidya zidutswa ziwiri za mamita anayi ndi pang'ono. Otsala, pafupifupi mamita 10, ali ndi nchito yao kumunsi.

KAMANGIDWE

Nsanamira zikaima, pamwamba pake pakhomedwe mitanda yozungulira bwalo lonse, kenaka mapaso. Mutu umodzi susenza denga. Pokoka waya pafunika anthu awiri kapena atatu, wina kukoka, wina kukhoma. Waya uyambire pamwamba pa mtanda ndi kutsika, ukhomedwe ndi misomali yopindika ngati cilembo ca U, ndipo ukokedwe kuti usacite mimba. Pamene zidutswa ziwiri zikumana, zipitirirane masentimita khumi ndi kusokedwa ndi waya womangira, osasiya mpata wolowa dzanja.

Popeza nsanamira ndi za mamita awiri ndipo waya ndi wofupikirapo, kumunsi kutsala mpata wa masentimita 20. Apa ndi pamene bwalo lipambanira kapena kulephera, pakuti galu, nkhandwe ndi kanyimbi sakwera, koma afukula. Njira yokhalitsa ndi kukumba ngalande ya masentimita 30 pakati pa nsanamira, kuyalamo njerwa zoocha, ndi kuzikweza mizere itatu pamwamba pa nthaka, kuti mapeto a waya amangidwe m'kacipupako. Amene alibe njerwa adule waya wotsala uja pakati m'litali mwake. Mbali ya pamwamba ya cidutswa isokedwe ku waya wa m'mbali, ndipo yotsala ipindidwe ndi kugonekedwa pansi kuloza kunja, theka la mita, ndi kukwiriridwa ndi dothi ndi miyala. Nyama yofukula iyamba pa tsinde peni peni pa mpanda. Ikapeza waya pansi pa zikhadabo zake, ibwerera. Koma waya wokwiriridwa ucita dzimbiri, motero ufunika kuuyang'ana caka ndi caka mvula ikatha.

Denga la waya liletsa kabawi ndi khwangwala, ndiponso mpheta ndi njiwa zimene zimadya gaga ndi kusiya zitosi m'madzi akumwa. Cigawo ca denga coyandikana ndi khola cifoleredwe ndi malata akale kapena udzu, kuti pakhale mthunzi ndi pouma poika cakudya. Kunja kwa bwalo, kumbali yokwera, kukumbidwe kangalande kopatutsa madzi a mvula.

Citseko ca masentimita 90 cilola wilibala kulowa potuta manyowa. Citsekukire m'kati, kuti polowa munthu azikankhira nkhuku kumbuyo, ndipo cikhale ndi cokowera colimba pamwamba ndi pansi. Nkhuku zambiri zatayika, osati cifukwa ca waya woboola, koma cifukwa ca citseko cimene mwana anasiya cosatseka.

Cinthu cimodzi mlimi asaiwale. Waya wa nkhuku ndi wopyapyala. Galu wamkulu wanjala akhoza kuung'amba usiku. Bwalo ndi la masana. Dzuwa likalowa, nkhuku zonse zilowe m'khola la njerwa kapena la mitengo yomata, ndipo kakhomo kake katsekedwe.

ZA M'KATI

M'khola mukhale mitengo yogonapo yosalala, yokwera theka la mita kapena kuposa pang'ono. Nkhuku iri yonse ifuna malo a masentimita 25 pa mtengowo, motero mtengo umodzi wa mamita atatu ukwanira nkhuku khumi ndi imodzi. Zisa zikhale pa malo a mdima pang'ono, cisa cimodzi kwa mathadzi anayi, koma thadzi lofungatira lipatsidwe cake cake kuti anzake asaikiremo mazira atsopano. Pansi pawazidwe makoko a nshawa, mankhusu a mpunga kapena udzu wodula.

Pa ngondya youma ya bwalo pakumbidwe kadzenje kodzaza ndi mcenga wosakaniza ndi phulusa. Nkhuku zisamba m'fumbi limeneli ndipo licepetsa nsabwe ndi utitiri. Comwera cikhale pa mthunzi, pamwamba pa njerwa, ndipo citsukidwe m'mawa muli monse. Ca anapiye cikhale cosazama, coikamo timiyala kuti asamire. Cakudya cisagone pa bwalo usiku, cifukwa ciitana makoswe, ndipo makoswe aitana njoka.

Zosesa za m'khola ndi m'bwalo ndi cuma cina. Zitosi za nkhuku ndi manyowa amphamvu, ndipo zaziwisi ziocha mbewu. Ziunjikidwe pa dzenje pamodzi ndi zinyalala za m'munda kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenaka zipite ku dimba. Pamene nkhuku zinali kuyenda ponse ponse, manyowa amenewa anali kutayika pa khonde ndi pa bwalo pamene makanda akwawa ndi kuika zala m'kamwa. Kuchingira nkhuku ndi kutetezanso ana ku matenda otsekula m'mimba.

MPANDA SULETSA CITOPA

Matenda oopsa kupambana onse ndi citopa, cimene ena achula cideru, ndipo adotolo a ziweto acicha Newcastle, dzina la mzinda wa ku England kumene cinaoneka mu 1926. Cibuka kwambiri m'nyengo yotentha mvula isanagwe. Nkhuku igwetsa mapiko ngati yavala jekete, itsekula m'mimba zobiriwira, ipuma movutika, ndipo ina ipotoka khosi. Matendawa alibe mankhwala ocizira, ndipo akhoza kutha khola lonse m'masiku owerengeka.

Waya suletsa kacirombo kake, pakuti kayenda pa nsapato, pa zitete ndi pa manja a anthu. Cimene bwalo licita ndi kupatsa mlimi mphamvu yolamulira zolowa ndi zotuluka. Nkhuku yogula pa msika kapena yopatsidwa ndi abale isungidwe payokha, kutali ndi bwalo, masabata awiri kapena atatu isanasakanizidwe ndi zinzake. Ogula nkhuku aime kunja. Nkhuku yakufa ndi matenda ikwiriridwe mozama kapena kuochedwa, ndipo yodwala isatengedwe ku msika, pakuti kutero ndi kugulitsa tsoka kwa mnzako.

Citetezo ceni ceni ndi katemera. Pali katemera wochedwa I-2, wodonthezera dontho limodzi m'diso, amene apirira kutentha kuposa akatemera ena ndipo abwerezedwa miyezi inayi iri yonse. Palinso wina wothira m'madzi akumwa. Katemera apatsidwa kwa nkhuku zamoyo bwino matenda asanafike, osati zitayamba kale kudwala. Botolo limodzi likwanira nkhuku zambiri, motero nkwanzeru kuti mabanja a m'mudzi umodzi asonkhe ndi kutemera tsiku limodzi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mlangizi wa ziweto wa m'dera alipo kuti afunsidwe.

KWA AMENE NDALAMA ZACEPA

Kusowa ndalama ya mpukutu wa waya si cifukwa cokhalira manja lende. Nsungwi zong'amba, bango kapena timitengo toongoka, zoimikidwa mothithikana ndi kumangidwa ndi luzi, zicita mpanda wabwino, malinga mipata yake isalole mwanapiye kudutsa. Pamwamba pakhoza kuyalidwa nsungwi zopingasa kapena ukonde wakale wa asodzi. Wokhoza kugula waya pang'ono auike kumunsi ndi pa kacipinda ka anapiye, ndipo wina adzaonjezera caka ca mawa ndi ndalama za nkhuku zimene zapulumuka. Koma maukonde a udzudzu amene acipatala agawira mabanja asasandutsidwe mpanda wa nkhuku. Kupulumutsa mwanapiye kwa kabawi ndi kupereka mwana wa munthu kwa malungo si nzeru.

Nchito yonseyi, mitengo ndi waya zikakhala pafupi, anthu atatu aitha m'masiku ocepa. Yoyenera kuyamba ndi njerwa ndi nsanamira, pamene nthaka iri youma ndipo manja sanatangwanike ndi kusosa. Banja limene liyamba tsopano lidzafika m'nyengo yotentha nkhuku zake ziri pa mthunzi ndiponso zotemera, ndipo mvula yoyamba ikadzagwa, mbewu za mnansi zidzamera mwamtendere.

Sabata la mawa danga lino lidzafotokoza za kasamalidwe ka thadzi lofungatira ndi kasankhidwe ka mazira oyenera kuswetsa.